"KARETI YAULESI" IKUTHANDIZA OGWIDWA SITIROKO KUIMANSO

Palibe msika m'dziko muno, kaya ndi wa Limbe, wa Ndirande, wa Lilongwe kapena wa Mzuzu, umene ulibe nkhani ya munthu amene adadzuka bwinobwino m'mawa, nayala katundu wake pa benchi, koma dzuwa lisanafike paliwombo n'kugwa pansi, kukamwa kutapotoka, dzanja ndi mwendo zitalefuka. Anzake amasonkherana ya galimoto, kuchipatala n'kukauzidwa kuti ndi sitiroko. Pakapita masiku, akapulumuka, amamutulutsa. Tonse timadziwa kukazonda wodwala kuchipatala titanyamula nthochi ndi Sobo, koma zimene zimachitika munthuyo akabwerera kunyumba ambirife sitizitsata.

Zimene zimachitika n'zakuti amagonekedwa pamphasa kuchipinda. Amamusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza, zonse mwachikondi ndithu. Koma miyezi ikupita. Mpamba ukudyedwa, wakatapila akugogoda, mwana wasiya sukulu kuti azidikirira matenda, ndipo benchi ija apatsa wina. Tsiku lina wodwala uja, potopa ndi kugona, ayesa kupita yekha kuchimbudzi, agwa pakhomo. Kuyambira pamenepo mantha amugwira, safunanso kuima. Ena amathera pomwepo, osati chifukwa cha sitiroko yeniyeniyo ayi, koma chifukwa cha mphasa ndi mantha.

Nkhani imene ndakutengerani sabata ino, abale anga amalonda, ndi ya masewero ena oyenda pang'onopang'ono amene madokotala m'maiko angapo adawayesa pa anthu odwala sitiroko komanso matenda onjenjemera aja a Parkinson, napeza kuti amathandiza munthu kuima mosadzandira ndi kuchepetsa kugwa. Safuna makina, safuna magetsi, safuna jekeseni. Amangofuna kuti mutu ndi thupi zigwirire ntchito pamodzi, tsiku ndi tsiku. Ndikuuzani zimene masewerowa amachita, ndikuuzaninso zimene sachita, kuti wina asadzakudyereni ndalama.

CHIMACHITIKA N'CHIYANI M'MUTU?

Tiyambe tachotsa kaye mfiti pankhaniyi. Munthu wa geni yotentha akagwa sitiroko, simuchedwa kumva manong'onong'o akuti amumenya ndi hamala ya usiku, kapena kuti zizimba zake zamutembenukira. Mabanja adana, anthu oyandikana mabenchi asiya kupatsana moni. Chonsecho nkhani ili m'mitsempha. Ubongo umadya kudzera m'magazi. Mtsempha wopita ku ubongo ukatsekeka ndi magazi oundana, kapena ukaphulika, mbali ya ubongo imene imadyera pamenepo imafa. Mbali ya kumanja ya ubongo imalamula thupi la kumanzere, ya kumanzere imalamula la kumanja. N'chifukwa chake munthu amafa mbali imodzi. Dzanja lija silinathyoke, mnofu ulipo, fupa lilipo. Chasowa ndi lamulo lochokera kumutu.

Wopalamula wamkulu ndi kuthamanga kwa magazi, BP ija. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene adatuluka mu 2016, adaonetsa kuti BP ndiyo idatsogola pobweretsa sitiroko, kachilombo ka HIV n'kubwera pambuyo pake, makamaka pakati pa anthu amene sanakalambe. Shuga ndi fodya nazo zimathira mafuta pamoto. Ndipo matendawa saona nkhope. Pulezidenti wa dziko la Zambia, Levy Mwanawasa, adagwidwa sitiroko ali ku msonkhano ku Egypt mu June 2008, namwalira ku France mu August chaka chomwecho. Ngati idapeza munthu woyenda ndi madokotala ake, nanga ife odya chipisi cha mchere wambiri titaimirira?

UBONGO UMALAMBULA NJIRA INA

Tsono nayi nkhani yabwino. Kale anthu ophunzira ankakhulupirira kuti ubongo wa munthu wamkulu ukawonongeka, basi zatha. Lero zikudziwika kuti mbali zotsala zamoyo zimatha kuphunzira ntchito ya mbali imene idafa. Inu amene mumakapikula katundu kutali mukudziwa zimene zimachitika mlatho ukakokoloka ndi madzi. Tsiku loyamba aliyense amangoima kutsidya, manja m'khosi. Kenaka wina apeza podutsa kumunsi, wachiwiri atsatira, wachitatu ndi njinga yake. Pakutha mwezi pali njira yooneka. Koma njira imeneyo imapangika ndi mapazi. Anthu akaleka kudutsapo, udzu umameranso.

Ubongo n'chimodzimodzi. Nthawi iliyonse wodwala akayesa kusuntha chala, kapena kuponda ndi mwendo wofookawo, ndiye kuti wadutsa kamodzi pa kanjira katsopano. Pamafunika kudutsapo kambirimbiri. Ndipo miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira ndiyo nthawi imene ubongo umaphunzira msanga, ngakhale kuti munthu amatha kupitirira kupeza bwino patapita zaka. Taonani tsoka lake: miyezi yagolide imeneyi ndi imene ambiri amaithera pamphasa, kapena kwa asing'anga kutemedwa mphini.

Palinso msampha wina. Wodwala akaona kuti dzanja lamanja likukanika, amayamba kuchita zonse ndi lamanzere. Achibale nawo, pomumvera chisoni, amamuchitira chilichonse. Ubongo umazolowera kuti dzanja lija kulibe. Katswiri wina wa ku America, Edward Taub, adaonetsa kuti chiwalo chimatha kuiwalika chonchi ngakhale mphamvu ina idakalimo. Chisoni chopitirira muyeso chimapundula.

Chinanso n'chakuti ubongo umaphunzira bwino pamene maganizo ali pomwepo. Kugwedeza mwendo wa wodwala iye akumvera mpira pa wailesi si chimodzimodzi ndi iye mwini kuyang'ana phazi lake, kumva pamene chidendene chagunda pansi, n'kulilamula kuti lisunthe. Apa m'pamene pakulowera masewero a ku China aja.

NKHONYA ZOPANDA WOMENYEDWA

Amene tidakulira m'mavidiyo sho, kulipira makobidi kuti tikaone Bruce Lee ndi Jet Li, tikamva za masewero a ku China timaganiza za mateche ouluka. Koma kumeneko kuli mtundu wina wotchedwa tai chi. Ukawaona akuchita, ungaseke. Agogo aima m'paki m'mamawa, mawondo opinda pang'ono, manja akuyenda mwaulesi ngati munthu akusambira m'phala. N'chifukwa chake ine ndimangoti kareti yaulesi.

Tai chi idayamba ngati luso lomenyera nkhondo. Mbiri yake imaloza ku mudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, kwa banja la a Chen, zaka za m'ma 1600. Pambuyo pake banja la a Yang lidaifewetsa n'kuifalitsa. Mu 1956 boma la China lidakonza mtundu waufupi wa mayendedwe 24 kuti munthu wamba aziutha, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO lidaika tai chi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Mayendedwe ake ali ndi maina okoma. Ena amafanizira mbalame yoyera yonga kakowa ikutambasula mapiko, ena manja oyenda ngati mitambo.

Eni ake amafotokoza kuti masewerowa amayendetsa mphamvu ya m'thupi imene amaitcha qi. Madokotala a mafizo amafotokoza mwa njira ina yosavuta kumva. Pochita tai chi, munthu amasamutsa kulemera kwa thupi lonse kuchoka pa mwendo uwu kupita pa winawo, pang'onopang'ono, msana uli chilili, akupuma mofatsa, maganizo onse ali pa zimene thupi likuchita. Amatembenuza chiuno, amaponda kutsogolo, chammbali ndi chambuyo. Zimenezi ndi zomwe zija munthu wa sitiroko amaziopa: kukhulupirira mwendo wofooka kuti umunyamule.

Amayi amene mudasenzapo ndowa yodzaza kuchokera ku mjigo mukuchidziwa chinthuchi, kungoti simudachipatse dzina. Khosi chilili, phazi kufufuza pansi lisanaponde, mpweya kuugwira bwino, maganizo onse pa madzi kuti asatayike. Ine ndidayesa ndekha kuima mawondo opinda n'kumasamutsa thupi uku ndi uku mwa ulesi womwewo. Mphindi khumi zisanathe ntchafu zidayamba kunjenjemera ngati ndakwera phiri la Ndirande. Kufulumira kumabisa kufooka, chifukwa thupi limangodziponya. Kuchedwa ndiye kumaulula pamene pali vuto, n'kupalimbitsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MANAMBALA AKUTI BWANJI?

Wamalonda sakhulupirira za pakamwa, amafuna aone sikelo. Nayi sikelo yake.

Tiyambe ndi matenda a Parkinson. Awa ndi matenda a ubongo amene amachititsa munthu kunjenjemera manja, kuuma thupi, kuyenda mokhwekhwereza mapazi ndi kugwa pafupipafupi. Amabwera chifukwa timagawo ta ubongo topanga mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine timafa pang'onopang'ono. Adawafotokoza koyamba ndi dokotala wa ku London, James Parkinson, mu 1817. Ndi amene adagwira katswiri wa nkhonya Muhammad Ali, uja dziko lonse lidamuona akuyatsa muuni wa masewero a Olympics ku Atlanta mu 1996 dzanja likunjenjemera. Papa John Paul II, amene adatiyendera kuno mu 1989, nayenso adadwala omwewa.

Mu 2012 katswiri wina, Fuzhong Li, ndi anzake a ku Oregon m'dziko la America adatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini yotchuka ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Adatenga odwala Parkinson 195 n'kuwagawa patatu, gulu lililonse anthu 65. Ena ankachita tai chi, ena masewero olimbitsa minofu ndi zolemera, ena ongodziwongola. Onse ankachita ola limodzi, kawiri pa sabata, kwa masabata 24. Powerengera, gulu la tai chi lidagwa ka 62, la zolemera ka 133, lodziwongola ka 186. Pa mayeso a kuima mokhazikika, a tai chi adaposa magulu onse awiri. Koma akatswiriwo adanena poyera kuti pa nkhani ya kugwa, kusiyana kodalirika kudali pakati pa tai chi ndi kudziwongola. Kusiyana ndi gulu la zolemera sikudafike poti munthu n'kulumbirira.

Nanga a sitiroko? Ku Arizona, ku America komweko, namwino wina wofufuza, Ruth Taylor-Piliae, adatenga anthu 145 a zaka 50 kupita m'tsogolo amene padali patapita miyezi itatu kapena kuposa chigwidwire sitiroko. Ena adawaphunzitsa tai chi ya mayendedwe 24 ija, ola limodzi katatu pa sabata kwa masabata 12. Ena adachita masewero wamba a anthu achikulire, ena adangolandira malangizo. Zotsatira zidatuluka mu 2014. Gulu la tai chi lidagwa ka 5, la masewero wamba ka 14, la malangizo ka 15. Musaone ngati n'zochepa. Kwa munthu wachikulire kugwa kumodzi kokha kumatha kuthyola fupa la m'chiuno, ndipo ambiri akathyoka pamenepo sadzukanso.

Mwina mukuti, nanga wathuyu poti ngakhale kuima sangathe? Ku mzinda wa Kunming ku China adayesa tai chi yochita munthu atakhala pampando. Adatenga odwala 160 amene sitiroko idali isanathe miyezi isanu ndi umodzi. Theka adaphunzitsidwa tai chi ya pampando ali m'chipatala, n'kukapitiriza kunyumba wachibale akuyang'anira, mpaka masabata 12. Zotsatira zake, zimene zidatuluka m'magazini ya Stroke mu 2022, zidaonetsa kuti amenewa adaposa anzawo pa kagwiritsidwe ntchito ka dzanja ndi mkono, pa kukhala tsonga mosapendekeka, komanso adachepa kukhumudwa. Mfundo ya kukhumudwayi musaiderere. Mwa anthu atatu ogwidwa sitiroko, pafupifupi mmodzi amagwidwanso ndi matenda a kukhumudwa. Munthu amene dzulo ankawerenga ndalama zake, lero akupempha kuti amuperekeze kuseri, mtima umasweka. Ndipo wosweka mtima sachita mafizo.

YOGA, GALASI NDI GULE

Tai chi siili yokha. Ku India kuli yoga, masewero akalekale odziwongola, kukhala mosasuntha ndi kupuma mwadongosolo. Mu 2012 ofufuza a ku Indianapolis adayesa yoga yofewetsedwa pa anthu 47 amene adadwala sitiroko kale, kawiri pa sabata kwa masabata 8, ndipo amene adachita yoga adayamba kuima mokhazikika kuposa poyamba. Koma mu 2017 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusefa kafukufuku wa zaumoyo, lidapeza kafukufuku woyenera muwiri yekha wa anthu 72, n'kunena kuti umboni wa yoga pa sitiroko udali wosakwanira. Choncho pa sikelo yathu ija, tai chi ikulemerapo kuposa yoga.

Ndikudziwa kuti ena a inu, Akhristu ndi Asilamu omwe, mwayamba kale kukwinya nkhope kuti izi n'zachipembedzo cha eni. N'zoona kuti yoga mizu yake ili m'chipembedzo cha ku India, ndipo tai chi ili ndi nzeru za makolo a ku China. Koma zimene amachita m'zipatala ndi kusuntha thupi ndi kupuma basi, palibe kugwadira chilichonse. Amene mtima wake ukukayika, asiye dzinalo atenge mfundo yake: pang'onopang'ono, maganizo pomwepo, mobwerezabwereza.

Njira ina yodabwitsa ndi ya galasi lodziyang'anira, lomwe lija mumagulitsa pa benchi. Dokotala V.S. Ramachandran wa ku San Diego adaiyamba m'zaka za m'ma 1990 pothandiza anthu odulidwa mkono amene ankamvabe ululu pa mkono umene kulibe. Mu 1999 iye ndi Eric Altschuler adaiyesa pa odwala sitiroko. Wodwala amakhala patebulo, galasi aliimika pakati pa manja ake moyang'ana dzanja labwino, lofooka libisike kuseri. Akamafumbata ndi kutambasula dzanja labwino akuyang'ana m'galasi, maso amauza ubongo kuti dzanja lofooka lija likuyenda. Ubongo umapusitsika, n'kuyamba kutumiza malamulo kumeneko. Mu 2018 a Cochrane omwewo adasefa kafukufuku 62 n'kupeza kuti galasi limathandizadi kayendedwe ka dzanja likaphatikizidwa ndi mafizo a masiku onse.

Ndipo pali gule. Ku Brooklyn mu mzinda wa New York, gulu lovina la Mark Morris lidayamba makalasi a gule a odwala Parkinson mu 2001, ndipo nzeru imeneyi idafalikira m'maiko ambiri. Odwala Parkinson nthawi zina mapazi amangomatirira pansi, osatha kunyamuka, koma akamva kugunda kwa nyimbo kapena wina akuwerenga mokweza, phazi limanyamuka. Ife a dziko la ng'oma ndi makwaya tisachite kuuzidwa kawiri. Kuwomba m'manja mofatsa pamene wodwala akuponda kungathe kumuthandiza kusunga sitepe.

CHENJERANI NDI AKUBA

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa pamene pali matenda pamabweranso a zikwama. Tai chi, yoga ndi galasi sizichiza Parkinson, sizidzutsa mbali ya ubongo imene idafa, ndipo sizilowa m'malo mwa mankhwala. Kafukufuku yense ndatchulayu adachitika pa anthu amene ankalandiranso chithandizo cha kuchipatala, ndipo ambiri mwa iwo matenda awo sadali ofika pothera. Wina akadzakuuzani kuti tayani mapiritsi a BP, bwerani ku semina yanga mulipire zakutizakuti mudzayenda pa sabata imodzi, ameneyo ndi wakuba ngati wa sikelo yobera. Kusiya mankhwala a BP ndiko kuitana sitiroko yachiwiri, ndipo yachiwiri kawirikawiri imabwera ndi ukali. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a Parkinson, apitirize monga adauzidwira.

Poyambira ndi kwa a mafizo. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zili ndi zigawo za mafizo, ndipo ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, malo odziwika pothandiza anthu ofa ziwalo. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo mu 2010, moti akatswiriwa akuwonjezekera ngakhale kuti akadali ochepa poyerekeza ndi odwala. Wodwala wanu asatuluke m'chipatala musanafunse kuti kunyumba azikachita chiyani, kangati, ndipo mudzabwerenso liti. Ngati kuchipatala cha kwanu wa mafizo palibe, funsani kuti amabwera liti kapena akutumizeni kuti. Safunsa adadya phula.

NANGA KUNYUMBA?

Aphunzitsi a tai chi simuwapeza pa ngodya iliyonse ngati ogulitsa mayunitsi. Koma mtima wa masewerowa ungathe kulowa m'mafizo amene mwapatsidwa kuchipatala, a mafizowo akavomereza kuti wodwala wafika pamenepo.

Wodwala akhale pampando wolimba wokhala ndi choyedzamira, mapazi onse apondetse pansi. Wailesi izimitsidwe, ana apite kukasewera. Ayambe ndi kupuma: kukoka mpweya ndi mphuno mofatsa, kuutulutsa mochedwa, kangapo. Kenaka apingase zala za manja onse awiri, labwino linyamule lofooka, akweze pang'onopang'ono pokoka mpweya, atsitse potulutsa, maso ali pa dzanja lofookalo. Asakweze kufika pomva kuwawa. Akatero atsamire pang'ono kumanja, abwerere pakati, atsamire kumanzere, akumvetsera m'mene thupi likulemerera mbali iliyonse.

Amene wafika poima, agwire chinthu chosasuntha monga tebulo lolemera, wothandiza aime kumbali yofookayo. Mapazi atalikirane pang'ono, mawondo asaume. Asamutse thupi kupita ku mwendo wabwino, kenaka ku wofooka, mwa ulesi uja, akumva phazi likudinda pansi. Akazolowera, aponye phazi limodzi kutsogolo, chidendene chiyambe kugunda, n'kubwerera. Kudzuka pampando ndi kukhalanso mosadziponya nakonso ndi mafizo amphamvu zedi. Pansi pakhale pouma, mphasa ndi zingwe zichotsedwe, ndipo matapata otayirira asavalidwe. Mphindi zochepa tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pa mwezi.

Pali zinthu ziwiri zoti musachite. Choyamba, musamukoke wodwala ndi mkono wofooka pomudzutsa. Minofu yogwira phewa imakhala italefuka, ndiye phewa limatha kuguluka n'kumupatsa ululu wa miyezi. Chachiwiri, musamukakamize akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa, kubanika kapena mutu waukulu. Pamenepo aleke, mupite naye kuchipatala.

Ndipo inu osamalira matenda, phunzirani kuumitsa mtima pang'ono. Ngati angathe kugwira kapu yekha, ngakhale atayeko tiyi, musiyeni agwire. Mpatseni nyemba asankhe, ndalama zachitsulo awerenge, tomato aunjike milu ngati kale. Munthu wa geni dzanja lake limakumbuka ntchito imeneyi kuposa ina iliyonse, ndipo mtima wake umabwerera akaona kuti akadali wofunika.

MSIKA UNGACHITEPO CHIYANI?

Ife amsika timadziwa kusonkha pa maliro. Mbale imazungulira, bokosi ligulidwa, lole ipezeka. Bwanji mbale yomweyo osazungulira munthu akadali moyo, kuti apeze ya minibasi yopitira ku mafizo miyezi yoyambirira ija? Bwanji a komiti osamusungira benchi mnzathu kwa kanthawi, wachibale azigulitsapo, kuti wodwalayo akhale ndi chomudzutsa pamphasa? Magulu a chipereganyu ndi banki m'khonde angathe kugula makina amodzi oyezera BP, aja a mabatire, n'kumayezana pa tsiku la msonkhano. Nambala ikamafika 140 pa 90 kapena kuposa mobwerezabwereza, ameneyo apite kuchipatala ngakhale asakumva kupweteka paliponse, chifukwa BP siichenjeza. A WHO amati mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa m'chipisi ndi wa pa kanyenya.

Pomaliza, sungani zizindikiro izi pamtima ngati mitengo ya katundu wanu. Mnzanu akapotoka kukamwa mwadzidzidzi, dzanja kapena mwendo ukalefuka mbali imodzi, mawu akayamba kutuluka ngati woledzera chonsecho sanamwe, musamuthire madzi, musamumwetse kanthu chifukwa angatsamwe, musayambe mwafufuza amene wamulodza. Pezani galimoto nthawi yomweyo. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, apitebe tsiku lomwelo, poti kawirikawiri limenelo limakhala chenjezo la yaikulu imene ikubwera.

Ndipo ngati kwanu kuli wina amene wagona kuchipinda chichokereni kuchipatala, musadikire Lolemba la mwezi wa mawa. Pitani naye kwa a mafizo, mukafunse ngati wafika poyamba zimene mwawerengazi. Akavomera, mawa lomwe mpando ukhale pakhonde.